Mawu a malemu Vin Scully ali pa matepi amene akuvunda: kalata kwa eni a Dodgers ndi akuluakulu a MLB

Kwa a Mark Walter ndi a Stan Kasten a timu ya Los Angeles Dodgers, komanso a Rob Manfred, mkulu wa ligi ya Major League Baseball (MLB),

Olemekezeka,

Tikukulemberani ife amene ntchito yathu ndi ya wailesi komanso yosunga mawu ojambulidwa. Nkhani ndi ya malemu a Vin Scully, muulutsi wa masewero a baseball pa wailesi ndi pa kanema, amene anatisiya pa 2 Ogasiti 2022 ali ndi zaka 94, atagwira maikolofoni ya Dodgers kwa masizoni 67, kuyambira 1950 ku Brooklyn mpaka 2016 ku Los Angeles.

Maliro munawalira bwino, sitikukana. Pa 5 Ogasiti, masewero ndi San Diego Padres asanayambe, munachita mwambo pa Dodger Stadium, ndipo osewera anavala chigamba cha maikolofoni ndi dzina lawo pa mkono wa yunifomu. Khonsolo ya mzinda inali itatcha kale msewu wolowera pa bwalolo kuti Vin Scully Avenue mu 2016, eni dzina akuona, ndipo chipinda cha atolankhani chinalandira dzina lawo mu 2001. Chiliza chinamangidwa ndithu. Chimene chatidetsa nkhawa ndi chuma chimene malemuwo anasiya. Ntchito yawo yonse inali mawu, ndipo mawuwo ali pa zimbale, pa matepi ndi pa mafilimu amene akuwonongeka chaka ndi chaka, kaya wina awakhudze kapena ayi.

Masiku ano munthu akafuna kumva a Scully, kawirikawiri amapeza tizidutswa ta masekondi ochepa: home run (kumenya mpira n'kuuponyera kuseri kwa mpanda wa bwalo) ya Kirk Gibson pa 15 Okutobala 1988, mpira wodutsa pakati pa miyendo ya Bill Buckner mu 1986, home run ya nambala 715 ya Hank Aaron pa 8 Epulo 1974. Tizidutswati ndi tabwino, koma odula amachotsa chinthu chimene chinkawasiyanitsa ndi aulutsi ena. Mpira wa Gibson utagwera m'gulu la anthu, a Scully anakhala chete kupitirira mphindi yathunthu, n'kusiyira phokoso la bwalo kuti lifotokoze lokha. Ku Atlanta nakonso, pa home run ya Aaron, anayamba asiya anthu akuwe, ndipo atabwerera pa maikolofoni ndi pamene ananena za munthu wakuda amene chigawo cha kumwera kwa America chinamuimirira n'kumuombera m'manja. Wodula kanema wa pa intaneti akaona malo opanda mawu a muulutsi amati ndi potayika, amadulapo. Pulogalamu ya pa kompyuta yoyeretsera mawu nayo imatenga phokoso la anthu ngati litsiro, n'kulitsitsa. Akatero kumatsala chiganizo chotchuka chokha, luso litapita.

Luso lenileni lili m'masewero amene palibe akuwakumbukira. Lachiwiri lina mu Meyi, timu ili m'mbuyo ndi zigoli zisanu ndi chimodzi, munthu mmodzi ali yekha m'chipinda choulutsira, akuluka nkhani ya kwawo kwa wosewera wina pakati pa kuponya uku ndi uko, osaphonya chiwerengero, n'kumaliza nkhaniyo womenya wachitatu asanatuluke. Izi a Scully anaziphunzira kwa a Red Barber, muulutsi wamkulu wa Dodgers pamene iwo ankayamba ntchito, amene anawalangiza kufika pa bwalo msanga, kukonzekera, kusakondera timu yawo komanso kusatengera aulutsi ena. Wachinyamata wofuna kuphunzira ntchitoyi sangatolepo kanthu pa kachidutswa ka masekondi 20. Ayenera kumva zigawo zonse zisanu ndi zinayi za masewero.

Choncho pempho lathu ndi limodzi, ngakhale lili ndi nthambi: sonkhanitsani masewero athunthu onse amene akadalipo, muwasamutse mwa njira yoyenera, ndipo anthu awamve.

Poyambira ndi kaundula. Mawu a a Scully sali m'nyumba imodzi. Anamveka pa wailesi za KFI, KABC ndi KLAC, pa kanema wa KTTV, KTLA, KCAL ndi SportsNet LA, pa NBC m'zaka za 1983 mpaka 1989, komanso pa CBS Radio m'masewero a World Series, olimbirana ukatswiri kumapeto kwa sizoni. Kulikonse kumeneku kufunika munthu apite ndi cholembera, atsegule bokosi lililonse, alembe mtundu wa chojambulirapo, dzina la kampani yopanga tepi, zolembedwa pa bokosi ndi fungo limene lamva. Mipata idzakhala yambiri, makamaka m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960. Tepi ya kanema ya mainchesi awiri imene Ampex inabweretsa mu 1956 inali yodula kwambiri, moti nyumba zoulutsira zinkafufuta masewero a dzulo kuti zijambulirepo za lero. Zambiri zimene zinapulumuka zinapulumukira m'manja mwa anthu wamba. Filimu ya masewero otchuka a woponya Don Larsen a pa 8 Okutobala 1956, amene a Scully anaulutsa theka lake lomaliza pa kanema a Mel Allen atayamba, inasungidwa ndi munthu wosonkhanitsa zakale, ndipo chigawo choyamba palibe. Masewero achisanu ndi chiwiri a World Series ya 1960, amene sanali a Scully, anapezeka mu 2009 m'chipinda chosungiramo vinyo cha malemu Bing Crosby.

Apa a Manfred ndinu muli ndi kiyi. Masewero aliwonse amaulutsidwa ndi chenjezo loti palibe wololedwa kuwaulutsanso popanda chilolezo cholembedwa, ndipo anthu amene bambo awo kapena agogo awo ankajambula pa wailesi kunyumba amaopa kuonekera. Lembani poyera kuti aliyense wobwereketsa tepi sadzaimbidwa mlandu, kuti tepi yake idzabwezedwa pamodzi ndi kope la mu kompyuta, ndipo dzina la banja lidzalembedwa mu kaundula ngati eni ake afuna. Mukapanda kutero, mabokosi amenewa azitayidwa pamene ana akusesa m'nyumba ya makolo pambuyo pa maliro.

Zikasonkhana, musayambe ndi masewero otchuka. Yambani ndi zimene zatsala pang'ono kufa.

Zoyamba ndi zimbale za lacquer za mainchesi 16, zija nyumba za wailesi zinkadulira mawu tepi isanafalikire. Mkati mwake ndi aluminiyamu kapena galasi, pamwamba ndi utoto wofewa umene umauma, kuchita ming'alu, kenako n'kumatuka. Mukaona ufa woyera wonga mafuta pamwamba, dziwani kuti utotowo wayamba kutulutsa asidi. Musatsuke ndi sipiriti, amasungunula utoto. Mbali imodzi imatenga mphindi pafupifupi 15 pa liwiro lozungulira ka 33⅓ pa mphindi, kutanthauza kuti masewero a maola awiri ndi theka ali pa mbali khumi, zodulidwa mosinthana pa makina awiri, ndipo mapeto a mbali iyi amabwerezedwa koyambirira kwa inayo. Wosadziwa amasokoneza ndondomeko kapena kusiya chiganizo chikubwerezeka. Zimbale zina zimayambira pakati kupita kunja, choncho werengani chizindikiro musanatsitse singano. Singano yake ndi yokhuthala, ya pakati pa 2 ndi 3.5 mil (mil ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a inchi), ndipo pafunika kuyesa zingapo kuti mupeze imene ikukhala bwino mu mzere. Chimbale chimene chayamba kale kumatuka chisakhudzidwe ndi singano m'pang'ono pomwe. Chimenecho ndi cha makina a IRENE, amene a Carl Haber ndi anzawo anapanga ku Lawrence Berkeley National Laboratory, ojambula chithunzi cha mizere n'kuchisandutsa mawu popanda kukhudza.

Kenako matepi a pa gudumu a kotala la inchi. Ali mitundu iwiri, ndipo kuwasokoneza ndiye ngozi yaikulu pa ntchito yonseyi. Imikani gudumu pa kuwala: kuwala kukadutsa m'mbali mwa tepi, imeneyo ndi ya acetate, kukapanda kudutsa, ndi ya polyester. Ya acetate, yofala m'ma 1950 ndi 1960, ikamawonongeka imanunkha viniga, imapindika m'mphepete ndipo imaduka msanga. Fungolo ndi asidi amene amafulumizitsa kuwonongeka kwa matepi oyandikana nawo, ndiye yonunkha ipatulidwe tsiku lomwelo. Ya polyester, makamaka yopangidwa kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1970 mpaka m'ma 1980 monga Ampex 406 ndi 456 kapena Scotch 226, ili ndi matenda ena. Guluu amene amagwira ufa wa chitsulo pa tepi amamwa chinyezi cha mu mpweya n'kuyamba kunanda. Mukaiyika pa makina imalira ngati mbewa, imasiya phala la bulauni pa hedi (kachipangizo kowerenga tepi), ndipo phalalo ndi mawu a munthu amene akuchoka osadzabweranso. Mukangomva kulirako zimitsani makina.

Mankhwala ake ndi kuiwotcha pang'ono: madigiri 54 a Celsius kwa maola anayi mpaka asanu ndi atatu, kenako izizire yokha kwa nthawi yofanana nayo. Gwiritsani ntchito uvuni wa mu labotale amene kutentha kwake sikusinthasintha. Wa kukhitchini amakwera ndi kutsika, ndipo wa gasi amatulutsa chinyezi chomwe mukufuna kuchotsacho. Kuwotchaku kumangogula masiku ochepa, choncho musawotche matepi 50 pamene mungathe kusamutsa asanu okha sabata imeneyo. Ndipo ya acetate isalowe mu uvuni zivute zitani, imakwinyika basi. Tepi yochita chuku ndi nkhani inanso: iumitsidwe kaye, iyeretsedwe ndi munthu wovala zodzitetezera, m'chipinda chake, pa makina ake.

Makaseti a U-matic a kanema ali ndi vuto la kunanda lomwelo. Koma musanyengeke n'kuganiza kuti za m'ma 1990 zili bwino chifukwa ndi zatsopanoko. Tepi ya DAT, MiniDisc ndi CD zowotchera mu ofesi sizikalamba pang'onopang'ono ngati tepi yakale. Lero zikuimba, mawa zangoti zii. Sony inasiya kupanga makina a DAT mu 2005, makina a Betacam nawonso sakupangidwanso, ndipo amisiri odziwa kusintha mahedi ake akupuma pa ntchito. Mafilimu a 16 mm ojambulidwa pa galasi la kanema ayesedwe ndi timapepala ta A-D, timene timasintha kuchoka pa buluu kupita ku girini mpaka chikasu malinga ndi kuchuluka kwa asidi m'chitini.

Pa kusamutsa penipeni, zolakwika zambiri ndi za ulesi. Tepi iliyonse iyambe yazunguliridwa uku ndi uko kamodzi, malumikizidwe akale ouma akonzedwe, ndipo hedi ipendekedwe mogwirizana ndi makina amene anajambula tepiyo. Mukalumpha zimenezi mawu amatuluka ngati munthu akulankhulira mu bulangete, ndipo palibe kompyuta imene ingabwezeretse zimene hedi sinawerenge. Liwiro nalo lifufuzidwe: nyumba za wailesi zinkajambula pa mainchesi 7½ kapena 15 pa sekondi, anthu kunyumba pa 3¾ kapena kutsikirapo kuti masewero akwane. Makina a kunyumba sankayenda pa liwiro lenileni, koma pali njira yodziwira. Magetsi a ku America amang'ung'udza pa 60 Hz, ndipo kung'ung'udzako kumalowa m'matepi ambiri. Mukakupeza pa 62 Hz, tepi ikuthamanga ndi magawo atatu pa 100 alionse, ndipo a Scully akumveka ngati mnyamata kuposa mmene analili tsikulo.

Kope loyamba la mu kompyuta likhale failo ya mawu ya WAV ya mtundu wa BWF, pa 96 kHz ndi 24 bit, losakonzedwa kalikonse. Osachotsa phokoso, osadula malo achete, osachotsa malonda. Malondawo ambiri a Scully ankawawerenga okha, a soseji za Farmer John ndi mafuta a galimoto a Union 76, ndipo anthu a ku Los Angeles amawakumbukira ngati mbali ya masewero. Wofuna kope loyeretsedwa la pa foni alipange kuchokera ku loyambalo n'kulemba zonse zimene wasintha.

Pali chinthu china chimene mmisiri wa changu angachotse poganiza kuti akuthandiza. Timu itasamukira ku Los Angeles mu 1958 inasewera zaka zinayi mu Memorial Coliseum, bwalo lalikulu kwambiri moti masewero ena a World Series ya 1959 anaonereredwa ndi anthu 92,706. Okhala kutali sankauona bwino mpira, ndiye ankabwera ndi timawailesi ta m'manja kuti a Scully awauze zimene zikuchitika pamaso pawo. Mawu awo ankabwerera mu maikolofoni kuchokera m'gulu la anthu. Mu 1960 anafika pouza bwalo lonse kuti lifuule mafuno abwino a tsiku lobadwa kwa woyimbira masewero Frank Secory, ndipo linafuuladi. Mukamva mawu awo akubwerera chapansipansi pa tepi ya nthawi imeneyo, asiyeni. Ndi umboni wa mmene mzindawo unaphunzirira kukonda timu yobwera.

Za malo osungira musaope. Ola limodzi la mawu a njira imodzi (mono) pa muyeso tanenawu ndi pafupifupi 1 GB, masewero a maola atatu ndi 3 GB. Tiyerekeze kuti mwapeza masewero 10,000, chiwerengero choyandikira masewero onse a ligi amene timuyi inasewera m'masizoni 67 amenewo: zonsezo ndi 30 TB, matepi awiri osungira mafailo a kompyuta a LTO-9, a 18 TB iliyonse. Kanema ndiye wolemera, pafupifupi 100 GB pa ola ngati sanapanikizidwe, n'chifukwa chake osunga zakale ambiri amagwiritsa ntchito FFV1 mu Matroska, imene imachepetsa kukula popanda kutaya kanthu. Makope akhale atatu, pa zosungira za mitundu iwiri, ndipo limodzi likhale kunja kwa California. Mzinda wanu mukuudziwa: chivomezi cha Northridge mu 1994, moto wa pa Universal Studios pa 1 Juni 2008 umene unapsereza matepi oyambirira a nyimbo ochuluka, moto wolusa wa ku Pacific Palisades ndi Altadena mu Januwale 2025. Failo iliyonse ikhale ndi nambala yoitsimikizira ya SHA-256, yofananizidwa chaka chilichonse, chifukwa failo yowonongeka imaoneka bwinobwino pa mndandanda mpaka tsiku limene wina adzaitsegule. Zoyambirirazo musataye. Ziimikidwe chilili, m'chipinda cha madigiri osapitirira 20 ndi chinyezi cha pakati pa 30 ndi 40 pa 100. Filimu ikhoza kuumitsidwa mufiriji, tepi ayi; pansi pa madigiri 8 mafuta a mu tepi amatha kulekana ndi guluu.

Failo yopanda dzina lomveka ili ngati yotayika. Iliyonse ilembedwe tsiku, bwalo, timu inayo, wailesi, zigawo zimene zilipo ndi zimene zikusowa, komanso amene ali pa maikolofoni chigawo chilichonse. Kwa zaka zambiri a Scully ankasinthana ndi a Jerry Doggett, a Ross Porter ndi a Don Drysdale, ndipo m'zaka zomaliza zigawo zitatu zoyamba zokha ndi zimene zinkamveka pa wailesi ndi pa kanema nthawi imodzi. Tepi yolembedwa kuti "Cubs" basi ikhoza kudziwika tsiku lake poifananiza ndi zolemba za Retrosheet, zimene zimasonyeza zochitika za womenya aliyense. A Scully eni ake ankalidziwa vutoli. Pa 9 Sepitembala 1965, pamene Sandy Koufax, woponya wa Dodgers, ankamaliza masewero amene palibe ndi mmodzi yemwe mwa omenya 27 a Chicago Cubs anafika pa base yoyamba, a Scully anapempha kuti chigawo chomaliza chijambulidwe, ndipo ankatchula tsiku ndi nthawi ya pa wotchi ya bwalo, mpaka 9:46 usiku, kuti tepiyo idzadzichitire yokha umboni. Amene anakhala nawo m'chipinda choulutsira, amisiri ndi othandiza, afunsidwe pamene akadali moyo. Iwo amazindikira chaka pongomva mawu a malonda.

Ntchito yomweyi ichitike pa mawu a Chisipanishi. A Jaime Jarrín anaulutsa Dodgers kuyambira 1959 mpaka 2022, ndipo a Fernando Valenzuela, amene analowa m'chipinda choulutsira mu 2003, anamwalira pa 22 Okutobala 2024. Gawo lalikulu la otsatira timuyi anakulira pa mawu amenewo.

Zonsezi zilibe phindu ngati mudzazitsekera kuseri kwa malipiro. Tikutero chifukwa zinachitikapo. SportsNet LA itayamba mu 2014, pa mgwirizano wa madola 8.35 biliyoni wa zaka 25, mabanja ambiri a ku Los Angeles sankatha kuiona chifukwa cha kusamvana kwa makampani pa mtengo, ndipo DirecTV inadzaitenga mu 2020. Masizoni atatu omaliza a a Scully anadutsa anthu ambiri osawaona pa kanema, kupatula masewero ochepa amene anaikidwanso pa kanema waulere, monga aja KTLA inaonetsa kumapeto kwa 2016. Ngongole imeneyo ikadalipo. Ikani masewero a pa wailesi poyera, aulere, osakika ndi tsiku ndi dzina la wosewera. Kope lathunthu lipite ku Library of Congress, imene ili ndi nyumba yosungira mawu ku Culpeper, Virginia, ndipo inaika kale mu National Recording Registry, kaundula wa mawu ojambulidwa ofunika ku dziko la America, masewero a Dodgers ndi Giants a pa Polo Grounds a pa 8 Sepitembala 1957 amene a Scully anaulutsa. Lina lipite ku Hall of Fame, nyumba yokumbukira akatswiri a baseball ku Cooperstown, kumene analandira mphotho ya aulutsi ya Ford C. Frick mu 1982.

Tikudziwa kuti mawu oyera a maola masauzande ndiwo chakudya cha makina otsanzira mawu a anthu. NBC inagwiritsa ntchito mawu otsanzira a muulutsi Al Michaels pa masewero a Olympics a ku Paris mu 2024, koma eni ake anali moyo ndipo anavomera. Lamulo la California la AB 1836, losainidwa mu Sepitembala 2024, limaletsa kupanga chifanizo chotero cha munthu womwalira popanda chilolezo cha oyang'anira chuma chake. Ife tikupempha zoposa lamulolo: lembani m'mgwirizano uliwonse, ndi kampani yosamutsa matepi kapena ndi aliyense wolandira makope, kuti mawuwa sadzagwiritsidwa ntchito kuphunzitsira makina. Makina akhoza kutengera kamvekedwe. Sangadziwe nthawi yokhala chete, ndipo masewero a Shohei Ohtani, amene analowa mu Dodgers a Scully atamwalira kale, oulutsidwa ndi a Scully a bodza angadetse ngakhale matepi enieni, popeza womvera sadzadziwanso choti akhulupirire.

Nthawi yake tiwerengere limodzi. Tepi imayenda pa liwiro lake, siithamangitsika, ndipo odziwa ntchitoyi amawerengera maola atatu a ntchito pa ola limodzi la mawu, kuphatikiza kuyeretsa, kukonza ndi kulemba. Masewero amodzi ndi maola asanu ndi anayi. Mmisiri mmodzi angamalize anayi pa sabata, pafupifupi 200 pa chaka, ndiye masewero 1,000 a pa tepi yakale ndi ntchito ya amisiri asanu kwa chaka chathunthu. A Scully anabadwa pa 29 Novembala 1927. Tikupempha kuti pofika pa 29 Novembala 2027, tsiku limene akanakwanitsa zaka 100, kaundula akhale atasindikizidwa poyera ndi mipata yake yomwe, kalata yotsimikizira obwereketsa matepi ikhale itatuluka, ndipo zimbale za lacquer ndi matepi onse onunkha viniga akhale atasamutsidwa.

Ndife, mwaulemu,

Ogwira ntchito ya wailesi ndi yosunga mawu ojambulidwa